Mmero, khosi ndi kholingo: tanthauzo la mauwa ndi kumene anacokera

Wodwala akafika ku cipatala ndi kunena kuti akumva kuwawa pakhosi, dokotala kapena namwino salemba mankhwala nthawi yomweyo. Amayamba wafunsa ngati pakuwawa pomeza, polankhula kapena potembenuza mutu. Amafunsa motero cifukwa khosi ndi dera lalikulu. Kumbuyo kwake kuli mafupa 7 oyambirira a msana, m'mbali muli minofu ndi mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, ndipo kutsogolo kwadutsa njira ziwiri zogundana, ina ya cakudya, ina ya mpweya.

Makolo athu anazipatsa maina osiyana njira ziwirizi. Ya cakudya anaicha mmero, ya mpweya anaicha kholingo, ndipo dera lonse lolumikiza mutu ndi thupi analicha khosi. Masiku ano, makamaka m'makomboni a mu Lusaka ndi m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, zonsezi zikungochedwa "pakhosi" kapena "pamukosi". Acinyamata ambiri liu lakuti mmero amangolimva kwa agogo awo a ku Katete kapena ku Chadiza, ndipo ukawafunsa kuti mmero uli pati amaloza pena paliponse pansi pa cibwano. Nkhani ino ikufotokoza tanthauzo la liu limeneli, kumene linacokera, ndiponso cifukwa cake kulidziwa bwino kungathandize munthu kupeza cithandizo ca mankhwala nthawi isanathe.

Liu lobadwa kucokera ku kumeza

Liu lakuti mmero lili ndi zigawo zitatu. Coyamba ndi m-, cimene kale cinali mu-, monga mmene zilili m'mau akuti mtengo, mpando ndi msana. Pakati pali tsinde lakuti -mer-, ndipo kumapeto kuli -o.

Kachulidwe ka -o kumapeto kwa liu ndi kodziwika kwa aliyense wolankhula Cinyanja, ngakhale amene sanaphunzire malamulo a cinenero kusukulu. Ndi njira imene timapangira dzina kucokera ku mneni. Kuimba kumatipatsa nyimbo, kufunsa kumatipatsa funso, kulota kumatipatsa maloto. Cimene timatsekera pakhomo ndi citseko, ndipo ciwalo cimene munthu amayendera ndi mwendo. Potsatira njira yomweyi, mmero ndi ciwalo comezera. Tanthauzo lake ndi lomwelo: pamene pamadutsa zimene tameza.

Koma womvera wacidwi angafunse kuti, ngati mneni wake ndi kumeza, bwanji sitinena kuti mmezo? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake ndi limene likuonetsa ukale wa liuli.

M'Cinyanja muli aneni ambiri amene amayenda awiriawiri, wina wokhala ndi l kapena r, mnzake wokhala ndi z. Mwana amalira, koma ng'oma timailiza. Munthu amakwera, katundu timamukweza. Wodwala amacira, sing'anga amaciza. Mtsuko umadzala, mtsikana amaudzaza. Mlendo amabwera, ngongole timabweza. Pa awiriawiri onsewa, wakale ndi uja wa l kapena r, ndipo wa z anatuluka mwa iye. Kumeza kuli m'gulu lomweli. Tsinde lake lakale linali ndi l kapena r, ndipo dzina lakuti mmero linapangidwa tsinde lakalelo lisanasowe. Pambuyo pake mneni wakaleyo anasiya kugwiritsidwa nchito, kunatsala kumeza kokha, koma dzina linasunga r wake mpaka lero. Zili ngati mudzi umene ukuchedwabe ndi dzina la mtengo umene unagwa kalekale.

Umboni wa zimenezi sitiufuna kutali. Abale athu olankhula Citumbuka ku Lundazi ndi ku Chama akafuna kunena kumeza amati kumira, ndipo pakhosi pomezera amapacha cigolomiro. Apa pamafunika kucenjera, pakuti Mtumbuka akati mwana wamira angakhale akunena kuti wameza mankhwala ake bwinobwino, pamene Mcewa akamva mau omwewo amathamangira ku mtsinje. A Cibemba amati ukumina, ndipo pomezera pawo ndi icikolomino. A Citonga amati kumena. A Cilozi amati kumiza, ndipo mmero wawo ndi mumizo: iwo anapanga dzina kucokera ku tsinde lokhala ndi z, ndiye kuti "mmezo" uja timafunsa kuti ali kuti, ali ku Mongu.

Tikadutsa malire a dziko lino nkhani ndi yomweyo. Ku Uganda, m'cinenero ca Luganda, kumeza ndi okumira ndipo mmero ndi omumiro. Ku Botswana amati go metsa ndi mometso. Ashona a ku Zimbabwe amati kumedza. M'Ciswahili mneni ndi kumeza, cimodzimodzi ndi ife, ndipo njira ya cakudya ndi umio. Mitundu imeneyi yatalikirana makilomita zikwizikwi, ina sinakumanepo m'mbiri yokumbukika, koma yonse inacha ciwalo cimeneci ndi nchito yake ya kumeza, pogwiritsa nchito tsinde limodzi.

Akatswiri a zinenero amafotokoza kuti zilankhulo zonsezi ndi za banja limodzi lochedwa Bantu, ndipo zinacokera ku cilankhulo cimodzi cimene cinkalankhulidwa ca kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka pakati pa 4,000 ndi 5,000 zapitazo. Cilankhulo cimeneco sicinalembedwe, koma akatswiri amapeza mau ake poyerekeza zilankhulo za masiku ano. Nchitoyi anaiyala maziko ndi Carl Meinhof wa ku Germany mu 1899, ndipo Malcolm Guthrie wa ku London anaikulitsa m'mabuku ake anai ochedwa Comparative Bantu, amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971. Pa masinde akale amene akatswiri amalemba, la kumeza limalembedwa -mid- kapena -med-. D wakaleyo ndi amene anasanduka l kapena r m'Cinyanja, m'Citumbuka ndi m'Luganda. Izi zikutanthauza kuti tsinde la liu lakuti mmero ndi lakale kuposa ufumu wa Kalonga, ndipo linalipo Undi asanakhazikitse ufumu wake kuno kumadzulo kwa dziko la Amaravi.

Pali cisokonezo cimodzi cimene ciyenera kucotsedwa. Ena amaganiza kuti mmero unacokera ku kumera, ndipo amafotokoza kuti khosi limamera pa mapewa ngati mbeu pa mzere. Kufotokozaku kumamveka kokoma koma n'kolakwa. Kumera kwa mbeu kuli ndi dzina lakelake, ndilo mmera, umene mlimi amaupalira mu Disembala ndi Januwale. Mmera ndi mmero zimasiyana ndi lemba limodzi lokha, koma cina n'ca kumunda, cina n'ca m'thupi, ndipo zilankhulo za abale athu zachulidwa pamwambazi zonse zikuloza ku kumeza.

Kalembedwe kake

Liuli limapezeka litalembedwa m'njira zitatu: mmero, m'mero ndi mumero. Kale lonse linali mumero, monga mmene Alozi akunenerabe mumizo. M'Cinyanja u uja anagwa, kunatsala m awiri, woyambayo wokhala ngati phatikizo payekha. Ndi zomwezo zimene zinacitika ku mau akuti mmisiri, mmodzi ndi mmera. Woulutsa mau pa wailesi amayenera kumugwira pang'ono m woyambayo, apo ayi omvera amamva "mero", liu limene kulibe.

Kampatuko ka pamwamba kaja n'koyenera kwambiri pamene mu akusonyeza malo, monga m'madzi, m'nyumba, m'mudzi. Pa liu lathuli m sakusonyeza malo, ndi mbali ya dzina lenilenilo, conco kulemba mmero popanda kampatuko ndi kumene kukuoneka kolongosoka. Tikafuna kusonyeza malo timati kummero kapena pammero.

Khosi ndi zimene timasungamo

Liu lakuti khosi nalonso ndi lakale. Pocurukitsa timati makosi, h uja amasowa, monga zimakhalira ndi khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba. Tsinde lake ndi -kosi, lomwe likumveka mu umukoshi wa Cibemba ndi mu ukosi wa Ciswahili, kumene limanena za kuseri kwa khosi ndiponso kolala ya malaya. "Mukosi" amene timamumva m'mabasi ndi m'misika ya mu Lusaka ndi tsinde lomweli, longovala mu- kutsogolo. Si liu lacilendo, ndipo palibe cifukwa colinyozera. Vuto limabwera pokhapokha likameza mau ena onse.

Cocititsa cidwi n'cakuti zining'a zambiri za m'Cinyanja zinasankha khosi, mmero zinausiya. Munthu wosunga mkwiyo timati ali ndi cakukhosi. Pa bwalo la milandu kwa anyakwawa, odandaula amauzidwa kuti anene zakukhosi, ndipo mlandu ukatha bwino amati kukhosi kwayera, kapena kukhosi kuli mbee. Wosamva uphungu ndi wouma khosi. Zikuoneka kuti makolo anaona zimene aliyense wa ife amamva: munthu akakwiya kapena akagwidwa ndi cisoni, pakhosi pamakhala ngati paima cinthu cimene sicikutsika ndiponso sicikutuluka. Madokotala amalidziwa vuto limeneli, ndipo nthawi zambiri akayeza amapeza kuti palibe ciliconse cimene caima, ndi minofu cabe imene yakungika. Mmero unatsalira zinthu za mimba. Waludzu amati kummero kwauma, ndipo wosirira ndiwo za mnzake timati akumezera malovu.

Njira ziwiri zimene aliyense anazionapo

Amene anaphapo nkhuku kapena kusenda mbuzi safunika cithunzi ca m'buku kuti amvetse za njira ziwirizi. Kutsogolo kumakhala kampope kolimba, koyera, kokhala ndi mphetemphete, kamene sikaphwathalala ngakhale ukakanikiza. Kumbuyo kwake kwamamatira kampope kena kofewa, kofiirira, kophwathalala. Kolimba kaja ndi kholingo, kofewa ndi mmero. Odziwa kusenda amamanga mmero asanatulutse zam'mimba kuti zimene nyama inadya zisabwerere ndi kuipitsa nyama.

Mwa munthu wamkulu, mmero ndi wautali pafupifupi masentimita 25. Umayambira m'munsi mwa khosi, umadutsa m'cifuwa kuseri kwa mtima, mpaka kukalowa m'cifu. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa: mbali yaikulu ya mmero ili m'cifuwa, yocepa cabe ndi imene ili m'khosi. N'cifukwa cake cilungulira, comwe cimayamba pamene madzi owawasa a m'cifu abwerera kummero, cimamveka kuocha pacifuwa. N'cifukwa cakenso munthu amene mmero wake wayamba kutsekeka angaloze pacifuwa ndi kunena kuti nsima ikuima apa, abale ake n'kumaganiza kuti ndi matenda a mtima kapena cifuwa wamba.

Kholingo ndi njira ya mpweya. Kumtunda kwake kuli kabokosi ka cicerewecerewe momwe muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa, ndipo kunjenjemerako ndiko kumatulutsa mau. Mwa anyamata kabokosika kamakula msanga pa nthawi ya kutha msinkhu, mau amayamba kumveka besi, ndipo kutsogolo kwa khosi kumatuluka kamfundo kamene kamakwera ndi kutsika munthu akamameza. Kucokera pa kabokosika, mpope wa mpweya umatsika masentimita 10 mpaka 12, uli ndi mphete za cicerewecerewe pakati pa 16 ndi 20, kenaka umagawika pawiri kulowa m'mapapo. Mphetezo si zozungulira kotheratu. Kumbuyo kwake n'zotseguka, ndipo mpata umenewo ndi umene umalola mmero kufufuma mbamu ya nsima ikamadutsa.

Pamwamba pa zonsezi, kuseri kwa kamwa ndi mphuno, njira ziwirizi ndi imodzi. Mpweya wocokera m'mphuno ndi cakudya cocokera m'kamwa zimakumana pa mphambano imodzi zisanapatukane. Pa kumeza kulikonse thupi limacita zinthu zingapo m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi: lilime limakankhira cakudya kumbuyo, njira yopita m'mphuno imatsekeka, kholingo limakwera, kacivindikiro kokhala ngati tsamba kamagwa pakamwa pake, ndipo kupuma kumaima. Ikani cala pa kamfundo ka pakhosi ndi kumeza malovu, mudzamva kholingo likukwera. Cakudya cikalowa kummero sicimangogwa. Minofu ya mmero imafinya motsatizana kucokera kumtunda mpaka kumunsi, monga mmene amai amafinyira matumbo a mbuzi powatsuka, ndipo m'masekondi ocepa cakudya cimakhala cafika m'cifu. N'cifukwa cake ng'ombe imamwa madzi mutu uli pansi, madzi n'kumakwera.

Akuluakulu akamaletsa ana kulankhula kapena kuseka akudya, ambiri timaona ngati ndi mwambo wa ulemu cabe. Muli ulemu ndithu, koma mulinso nzeru ya zaumoyo. Kulankhula ndi kuseka kumafuna kholingo lotseguka, kumeza kumafuna kholingo lotseka, ndipo wocita ziwirizi nthawi imodzi ndi amene amatsamwidwa.

Pali liu lina la m'dera lomweli loyenera kulichula, ndilo cithokomiro. Mwa nkhuku, cithokomiro ndi kathumba ka m'munsi mwa khosi kumene cimanga cimayamba casonkhana, ndipo kathumbako ndi mbali ya mmero wa nkhukuyo. Mwa munthu, dzina lomweli linapatsidwa kwa cotupa ca kutsogolo kwa khosi cifukwa cimaoneka ngati cithokomiro ca nkhuku yokhuta. Koma cotupa ca munthu sicili mu mmero. Ndi kaciwalo kena kamene kakuta kholingo kutsogolo, kamene kamafufuma kawirikawiri thupi likasowa mcere wa ayodini, ndipo ndico cifukwa cake malamulo a dziko lino amafuna kuti mcere wogulitsidwa ukhale wothiridwa ayodini. Khutu la Mnyanja silingalephere kumva kuti cithokomiro cikuthera mofanana ndi cigolomiro ca Atumbuka.

Maina a m'mabuku a madokotala

Ophunzira za udokotala ku Ridgeway amaphunzira ziwalozi m'mau ocokera ku Cigiriki, ndipo mauwo akamasuliridwa amapezeka kuti ndi wamba ngati athu omwewa. Mmero amaucha oesophagus, kucokera ku mau awiri a Cigiriki otanthauza kunyamula ndi kudya, ndiye kuti conyamula zodyedwa. Agiriki anaona nchito yomweyo imene makolo athu anaona. Mpope wa mpweya amaucha trachea, kutanthauza cinthu cokhakhala, cifukwa ca mphete zija. Kaciwalo ka cithokomiro amakacha thyroid, kucokera ku liu la Cigiriki la cishango, ndipo dzinali anakapatsa ndi dokotala wa ku England, Thomas Wharton, mu 1656. Kamfundo ka pakhosi pa amuna Angerezi amakacha apozi wa Adamu, potsatira nthano yakuti cipatso coletsedwa cija cinamuima pakhosi, ngakhale kuti Buku Lopatulika silinena zimenezo.

Mwina n'koyenera kuchulanso kuti liu lakuti cervix, limene amai amalimva pa nkhani ya kuyezetsa khansa, ndi la Cilatini ndipo limatanthauza khosi. Azungu anaona khosi la ciberekero, ife tinaona khomo la ciberekero. Womasulira nkhani wosasamala angathe kusamutsa matenda kucokera m'ciuno kupita nawo pansi pa cibwano.

Pamene kusiyanitsa mauwa kumakhala nkhani ya moyo

Dera la kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia ndi Kenya kutsika mpaka ku South Africa, ndi limodzi mwa madera amene khansa ya kummero ndi yocuruka kwambiri pa dziko lonse. Malawi ali m'gulu la maiko amene ali pamwamba penipeni, ndipo Zambia ili m'dera lomweli. Matendawa amayamba mwakacetecete. Cizindikiro cake cacikulu ndi kuvutika kumeza kumene kumanka kukulirakulira. Poyamba nyama ndi nsima yolimba ndi zimene zimaima, munthu n'kumazitsitsa ndi madzi. Pakapita milungu kapena miyezi amayamba kupempha nsima yofewa, kenaka phala, kenaka thobwa ndi tiyi basi, ndipo thupi limatha. Pomalizira ngakhale malovu amakana kutsika.

Nthawi yonseyi pakhosi sipawawa kwenikweni, ndipo apa ndi pamene mau amasokeretsa. Wodwala akangonena kuti "pakhosi sipali bwino", n'cotheka kuunikiridwa m'kamwa, kupatsidwa mankhwala a zilonda zapakhosi ndi kubwerera kunyumba, cifukwa cotupa cili kutali m'cifuwa kumene tochi safika. Koma akanena kuti "cakudya cikuima kummero, ndinayamba ndi nsima, tsopano ndi phala lomwe", wa zaumoyo aliyense amadziwa kuti afunika kumutumiza kukaunikidwa ndi kampope kokhala ndi kamera kamene amalowetsa kudzera m'kamwa. Kuyeza kotereku kumacitika ku University Teaching Hospital ndi m'zipatala zina zazikulu, ndipo opezeka ndi khansa amathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007. Madokotala amadandaula kuti odwala ambiri amafika matenda atakula kale.

Zina mwa zimene zimaonjezera ngozi ya matendawa n'zodziwika bwino: fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, ndiponso mowa, makamaka waukali monga kacasu. Mu 2016 bungwe la World Health Organization loona za kafukufuku wa khansa linanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingayambitse khansa ya kummero, zimene ziyenera kuganiziridwa ndi onse okonda tiyi kapena phala longophulidwa kumene pamoto. Kuno kwathu, kafukufuku wa Dr Violet Kayamba ndi anzake ku Lusaka, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti odwala khansa imeneyi ambiri anali okhala mu utsi wa nkhuni ndi malasha pophika, ndiponso kuti kacilombo ka HIV kamaonjezera ngoziyo.

Si kuvutika kumeza konse kumene kuli khansa. Anthu amene citetezo ca m'thupi mwawo catsika amagwidwa kawirikawiri ndi zoyerayera za m'kamwa zimene zimatsikira kummero, kumeza n'kumawawa kwambiri, ndipo zimenezi zimacizika ndi mapiritsi. Cilungulira ca nthawi yaitali nacoso cingacepetse mmero. Cofunika n'cakuti wodwala afotokoze bwino: kodi cakudya cikuima, kapena cikudutsa koma mowawa?

Kholingo lili ndi zizindikiro zake. Mau akasasa cifukwa ca cimfine kapena kuimba usiku wonse pamaliro, amabwerera pakapita masiku ocepa. Akakhala osasa kupitirira milungu itatu, makamaka kwa wosuta fodya kapena amene akukhosomola ndi kuonda, afunika kuyezedwa, pakuti cifuwa cacikulu ca TB ndi khansa zonse zingathe kugwira kholingo.

Zilonda zapakhosi zenizeni, zija zimaoneka kuseri kwa lilime munthu akayasamula, zimavuta kwambiri ana a sukulu. Zambiri zimatha zokha. Koma zina zimayamba ndi tizilombo timene, tikapanda kuphedwa ndi penisilini, thupi polimbana nato limaononga zitseko za mtima wa mwanayo, ndipo vutolo limadzaonekera patapita zaka. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 amene akumva kuwawa pomeza, thupi latentha, koma alibe cimfine kapena cifuwa, ayenera kuonedwa ku kiliniki.

Za kutsamwidwa n'zofunika kuzidziwa pa khomo lililonse. Cinthu cikaima kummero, munthu amavutika koma amapuma ndi kulankhula, ndipo pali nthawi yopita naye ku cipatala. Cikalowa m'kholingo n'kutseka, munthu salankhula, sakhosomola, amagwira pakhosi, ndipo mphindi zocepa cabe ndi zimene zilipo. Wothandiza amuweramitse ndi kumumenya ndi cikhatho kasanu pakati pa mapewa. Zikakanika, aime kumbuyo kwake, amukumbatire, aike nkhonya pamwamba pa mcombo ndi kukokera m'kati ndi m'mwamba mwamphamvu kasanu, n'kumasinthanitsa ziwirizi. Khanda losakwana caka silifinyidwa pamimba: limagonekedwa cafufumimba pa mkono, mutu uli m'munsi, ndi kumenyedwa pamsana, kenaka kulitembenuza ndi kukanikiza pakati pa cifuwa ndi zala ziwiri. Nshawa zosasinja ndi zina mwa zinthu zimene zimalowa kawirikawiri m'kholingo la ana aang'ono.

Munga wa nsomba ukaima, cizolowezi cathu ndi kumeza mbamu yaikulu ya nsima kuti iukankhe. Nthawi zina zimatheka, koma munga wolimba ungathe kulowerera ndi kuboola mmero, umene khoma lake ndi lopyapyala. Ululu ukapitirira, njira ndi ya ku cipatala. Mwana akamwa soda woocha wopangira sopo, kapena parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, asakakamizidwe kusanza: soda amaochanso mmero kaciwiri pobwerera, ndipo parafini angapatukire m'kholingo ndi kulowa m'mapapo. Ana amene mmero wawo unapsa ndi soda amakhala miyezi kapena zaka akupita ku cipatala kuti madokotala aziufutukula pang'onopang'ono.

Ife omasulira nkhani m'zinenero za dziko lino tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi. Cikalata ca Cingerezi cikafika pa desiki, liu limodzi lakuti throat limatha kuimira ciliconse mwa ziwalo zachulidwazi, ndipo njira yacidule ndi kungolemba "pakhosi". Pamene cikalataco cikunena za njira ya cakudya, mau oyenera ndi "khansa ya kummero". Pamene cikunena za kabokosi ka mau, ndi "khansa ya m'kholingo". "Zilonda zapakhosi" zisiyidwire matenda a kuseri kwa kamwa aja, ndipo "kuuma khosi" kukachulidwa pa nkhani ya zaumoyo kufotokozedwe bwino, cifukwa khosi louma limodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu ndi cizindikiro ca matenda oumitsa khosi, amene afunika cipatala tsiku lomwelo.